Mukhala ndani pagome? Kasankhidwe ka kalasi pa Dungeons & Dragons

Gulu latsopano likakhala pansi kuti liyambe Dungeons & Dragons, funso limene limadya nthawi kuposa onse ndi lakuti, "Nanga ine ndikhala ndani?" Anthu asanu aunjikana pa foni imodzi, uyu akufuna woponya moto, uyo akufuna wosafa, wina akungoti "mundisankhire ndinu," mpaka dzuwa kulowa nkhani isanayambe n'komwe. Musavutike kufufuza kalasi yamphamvu kuposa zonse. Fufuzani imene ikupatseni chochita chimene mungakonde kuchibwereza Loweruka lililonse osatopa nacho.

Kwa amene simunawaonepo, awa ndi masewera a pakamwa, pepala ndi madayisi. Munthu mmodzi, amene kuno ku Angónia timangomuti mestre, amakamba nkhani monga agogo pa nthano, koma omvera sangoyankha kuti "tili tonse." Aliyense ali ndi mtengambali wake m'nkhanimo ndipo amanena yekha chimene mtengambaliyo achite, kenako dayisi imagamula ngati zatheka. Gary Gygax ndi Dave Arneson anawatulutsa ku America mu 1974, ali ndi makalasi atatu okha: wankhondo, wamatsenga ndi wansembe. Mbala, imene pano ndikuitchula kathyali, inalowa chaka chotsatira. Malamulo a 2014 ali ndi makalasi 12. Kalasi ndiyo ntchito ya mtengambali wanu, ndipo ndi imene imanena kuti thupi lake n'lolimba bwanji, agwira zida zanji, ndipo nthawi yake ikakwana angachite chiyani.

Choyamba, funsani mestre

Mufunseni zinthu ziwiri. China n'chakuti akutsata malamulo a 2014 kapena okonzedwanso a 2024, chifukwa manambala ena amasiyana. Ine ndikulemba za a 2014. Kampani ya Wizards of the Coast inaika pa intaneti malamulo oyambira aulere okhala ndi makalasi anayi, ndipo chikalata china chotchedwa SRD 5.1, chimene anachimasula kwa aliyense mu Januwale 2023, chili ndi onse 12. Mmodzi wa inu akapeza netiweki yabwino akopere kamodzi, enanu mugawane pa Bluetooth. Zikalatazi ndi za Chingerezi. Mabuku a Chipwitikizi anatuluka ku Brazil mu 2019, n'chifukwa chake pagome mumva mayina ngati guerreiro, mago, clérigo ndi ladino.

Chinacho n'chakuti nkhani yake ndi yotani. Ngati ndi ya m'mapanga, kumenyana ndi zilombo chipinda ndi chipinda, wolankhula mokoma adzakhala akuyasamula. Ngati ndi ya pabwalo la mfumu, yofufuza amene anaba chuma cha mudzi, wankhwangwa adzasowa chodula. Mestre wabwino amakuuzani zimenezi osaulula chinsinsi cha nkhani.

Chachiwiri, dzifunseni nokha

Pa nkhondo, nthawi yanu imabwera kamodzi anzanu onse akachita zawo. Ikafika, mumafuna kunena mwachangu kuti "ndikumutema" n'kuponya dayisi, kapena mumakonda kuyang'ana kaye njira zisanu n'kusankhapo? Muli ndi mtima wowerenga malamulo pafoni pakati pa sabata, kapena mumangofika Loweruka n'kukhala pansi? Yankhani moona. Ambiri amathamangira wamatsenga chifukwa cha moto, koma kuwerenga safuna, ndiye gome lonse limadikira mphindi khumi munthu akusakasaka tsamba pafoni ya mnzake batire ikutha.

Chachitatu, dziwani makalasi anayi oyambira

Wankhondo ndiye amene anthu amamukonda kuposa onse. Mu 2017 a webusayiti ya FiveThirtyEight atawerenga atengambali opangidwa pa webusayiti ya D&D Beyond, wankhondo anali patsogolo, kathyali pambuyo pake. Chifukwa chake n'chosavuta kuona. Dayisi yake ya moyo ndi ya mbali 10, amavala zodzitetezera zamtundu uliwonse, amagwira chida chilichonse, ndipo akavulala amatha kudzibwezera moyo yekha kamodzi, d10 (ndiye kuti dayisi ya mbali 10, monganso d6 ndi ya mbali 6) kuphatikiza levulo yake, womwe ndi msinkhu umene wafika m'masewera, mpaka atapuma. Pa levulo 2 amatha kuchita zinthu ziwiri pa nthawi imodzi, pa levulo 5 amatema kawiri nthawi zonse. Ena amamunyoza kuti ndi wa ana. Ine ndimati ndi wa munthu amene akufuna maganizo ake akhale pa nkhani, osati papepala.

Kathyali, amene a Chingerezi amati rogue, ndi wa anthu okonda nthano za Kalulu. Amazemba, amatsegula maloko, amaona misampha, amanama nkhope ili gwa. Amasankha maluso anayi pamene wankhondo amasankha awiri, ndipo awiri mwa maluso akewo amawadziwa mowirikiza, moti kathyali wa levulo 1 angakhale ndi +7 pa kuzemba. Pa nkhondo mphamvu yake ili pa kubaya mobera, kumene kumawonjezera d6 kamodzi pa nthawi yake ndipo kumakwera ndi d6 ina pa malevulo awiri alionse. Koma kumafuna kuti mdaniyo asamuone, kapena kuti mnzake akhale ataima pafupi ndi mdaniyo. Chala chimodzi sichiswa nsabwe: kathyali wopita yekha kutsogolo amabwera atanyamulidwa.

Pagome zimamveka chonchi.

"Achimwene, chitseko chija n'chokhoma?"

"N'chokhoma, ndipo kuseri kukumveka anthu awiri akukangana."

"Ndiye sindichikhudza. Ndikwera padenga, ndisolole udzu pang'ono ndisuzumire."

"Ponya d20, uwonjezere kuzemba kwako."

"Yagwa 9. Ndi 7 ija, 16."

"Sanakumve. Ukuona alonda awiri, makiyi ali m'chiuno mwa wamfupiyo."

Ngati kukambirana kotereku kwakusangalatsani kuposa kumenyana, mwapeza kale kalasi yanu. Chenjezo limodzi lokha: musamabere anzanu a m'gulu n'kumati "ndi khalidwe la mtengambali wanga." Magulu ambiri amatha chifukwa cha zimenezo.

Wamatsenga amayamba wofooka. Dayisi yake ya moyo ndi ya mbali 6, savala zachitsulo, ndipo pa levulo 1 ali ndi mipata iwiri yokha ya matsenga akuluakulu pa tsiku. Ikatha amatsala ndi timatsenga titatu ting'onoting'ono timene sititha. Ali ndi buku lake loyamba ndi matsenga 6, ndipo m'mawa uliwonse amasankhamo oti ayende nawo. Moto wotchuka uja, woponya madayisi 8 a mbali 6 pa adani onse oima pamodzi, umabwera pa levulo 5, ndipo kufika kumeneko ndi miyezi. Pakadali pano amene amapulumutsa gulu ndi matsenga ogonetsa, otha kugwetsa tulo tizilombo titatu totchedwa goblin nthawi imodzi. Ngati mumakonda kukonzekera ndi kuwerenga, palibe kalasi yokoma ngati iyi. Ngati ayi, isiyeni.

Wansembe ndiye wanga wapamtima, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa anthu amamuchimwira. Amamuyesa namwino wa gulu, woima kumbuyo kudikira wina avulale, ndiye amamupatsira mng'ono wa mwini nyumba kapena amene wafika mochedwa. Koma taonani zimene ali nazo. Dayisi ya moyo ya mbali 8, chishango ndi zodzitetezera zolimba ndithu, moti akhoza kuima kutsogolo pambali pa wankhondo. Alibe buku ngati wamatsenga: m'mawa uliwonse amasankha pa mndandanda wonse wa matsenga a ansembe a msinkhu wake, ndiye mukalakwitsa lero mawa mumasintha. Ali ndi mdalitso umene umapatsa anzake atatu d4 yowonjezera pa kutema kulikonse kwa mphindi imodzi ya m'nkhani, yomwe ndi pafupifupi nkhondo yonse. Pagome palibe amene amaombera m'manja mdalitso umenewu, koma mukawerenga mikondo imene ikanaphonya mupeza kuti ndi umene wapambanitsa.

Za kuchiritsa, gwirani ichi. M'malamulowa munthu moyo wake ukafika pa 0 amagwa, n'kumaponya d20 nthawi yake iliyonse; akalephera katatu, wafa. Koma akangolandira moyo ngakhale umodzi, amadzuka n'kumenyanso ndi mphamvu zonse. Ndiye wansembe wochenjera sataya matsenga ake pa munthu amene wangokandika. Amamenya nawo nkhondo, ndipo wina akagwa amatchula liwu lochiritsa, limene limafika mamita 18 ndipo silimudyera nthawi yake yotema. Liwulo limabweza d4 yokha ndi kena pang'ono, pamene kusanjika manja kumabweza d8, koma kusanjika manja kumafuna muyende mpaka pamene wagwerapo mnzanuyo n'kutaya nthawi yanu yonse. Oyamba kumene amakopeka ndi d8. Tengani liwu.

Enawo asanu ndi atatu ndiwadutsa mwachangu. Barbarian ali ndi dayisi ya mbali 12, ndipo akalusa, kawiri pa tsiku poyamba, mikondo ndi zibonga zimamupweteka theka lokha. Ndi wosavuta ngati wankhondo. Paladin ndi wankhondo wolumbira, wochiritsa pang'ono ndi manja ndiponso wotema koopsa kuyambira levulo 2. Bard ndi woimba wa pakamwa potsekemera, woyenera mnzanu uja amene salola kukhala chete. Druid pa levulo 2 amasanduka nyama, zimene zimafuna musunge manambala a nyama iliyonse papepala lina. Ranger ndi mlenje wa uta, wokoma ngati nkhani ili m'tchire. Monk amamenya ndi manja ndi miyendo, ndi wothamanga koma wosachedwa kugwa. Sorcerer anabadwa nawo matsenga, amadziwa ochepa koma amawapinda mmene afunira. Warlock anapangana ndi chamoyo champhamvu kuti chimupatse mphamvu.

Pa warlock ameneyu pafunika nzeru. Kwathu kuno mawu akuti mfiti si oseweretsa, anthu amathamangitsidwa nawo m'midzi. Mukamasewera pakhonde n'kumafuula za pangano ndi chiwanda, amayi a nyumbayo sadzafunsa kuti ndi tsamba liti la malamulo. Ngakhale ku America, m'zaka za m'ma 1980 makolo ndi mipingo ina anawada masewerawa pa chifukwa chomwechi, mpaka eni ake anachotsa mayina a ziwanda m'malamulo a 1989. Ngati mukusewera pakhomo pa makolo, muwaonetse pepala ndi madayisi, muwafotokozere kuti ndi nthano, ndipo warlock mumusiye kaye. Chimodzimodzi za kudambwe: musatenge zilombo za Gule Wamkulu n'kuziika m'nkhani ngati adani omenyedwa. Zili ndi eni ake, ndipo ena mwa eni akewo mwina mwakhala nawo pagome pomwepo.

Chachinayi, sankhirani pamodzi

Aliyense asapange mtengambali wake kunyumba kwake. Khalani pamodzi tsiku limodzi losasewera, mungokambirana. Gulu limayenda bwino likakhala ndi wina woima kutsogolo, wina wodzutsa ogwa, wina wa maloko ndi misampha, ndi wina wothana ndi adani ambiri nthawi imodzi. Sikuti ndi lamulo. Anthu awiri akafuna wankhondo, wina atenge lupanga ndi chishango, wina uta, ndipo pagome adzasiyana kutali. Chimene muyenera kupewa ndi kukakamiza munthu kalasi imene saifuna chifukwa choti "yasowa." Ngati palibe wofuna wansembe, mestre aike mankhwala ochiritsa pamsika wa m'nkhanimo, kapena paladin ndi bard agawane ntchitoyo.

Onaninso madayisi amene muli nawo. Dayisi ya Ludo ndi d6, ndipo kathyali wa lupanga lalifupi pa nkhondo safuna ina kupatula iyo ndi d20. Za d20, ngati simunapeze yeniyeni, lembani manambala 1 mpaka 20 m'kati mwa zitsekero za mabotolo, muziike m'kathumba, muzitola osayang'ana n'kubwezeramo. Chitani chimodzimodzi ndi d8 ndi d10, tithumba tosiyana. Palinso maapu oponya madayisi osafuna netiweki, koma foni ikakhala imodzi imene ilinso ndi malamulo, zitsekero zimafulumira.

Chachisanu, ikani manambala

Mtengambali ali ndi zinthu zisanu ndi chimodzi. Papepala la Chingerezi zalembedwa Strength, Dexterity, Constitution, Intelligence, Wisdom ndi Charisma. Ife timangoti mphamvu, changu, thupi, ubongo, luntha ndi chikoka. Njira yosayambanitsa anthu ndi yoti aliyense atenge manambala omwewo, 15, 14, 13, 12, 10 ndi 8, n'kuwagawa. 15 ndi 14 amapereka +2, 13 ndi 12 amapereka +1, 10 sapereka kanthu, 8 amachotsa 1. Pambuyo pake mtundu wa mtengambali, kaya ndi munthu kapena cholengedwa china cha m'nthano, umawonjezerapo. Munthu wamba amalandira 1 pa chilichonse, ndiye 15 uja amakhala 16, kupereka +3.

Nambala yaikulu ipite pa chimene kalasi yanu imadalira: mphamvu kwa wankhondo wa lupanga, changu kwa kathyali ndi wa uta, ubongo kwa wamatsenga, luntha kwa wansembe, chikoka kwa bard. Yachiwiri kapena yachitatu ipite pa thupi, kaya ndinu ndani, chifukwa moyo wanu woyambira ndi nambala yaikulu ya dayisi yanu ya moyo kuphatikiza zimene thupi lapereka. Nanga 8? Musamuope. Wankhondo wa chikoka 8 amene amalankhula zolakwika pamaso pa mfumu amaseketsa gome kuposa amene alibe chilema.

Chachisanu ndi chimodzi, yesani nkhondo imodzi yongoyeserera

Ichi ambiri amachidumpha, koma ndi chimene chimakuonetsani ngati mwasankha bwino. Mestre atulutse goblin mmodzi. Kachilomboka kali ndi moyo 7, chitetezo 15 (nambala imene wokatema ayenera kufikapo kuti akakhudze), kamawonjezera 4 pa d20 kakamatema, ndipo kamapweteka d6 kuphatikiza 2.

Tiyambe ndi wankhondo. Thupi +2, ndiye moyo 12. Malaya a unyolo ndi chishango, chitetezo 18. Kuti goblin amukhudze afunika 14 kapena kuposa, omwe ndi manambala 7 mwa 20. Iye akamatema amawonjezera 5, ndiye afunika 10 yokha, ndipo lupanga lake la d8 kuphatikiza 3 limamaliza goblin nthawi imodzi dayisi ikagwa pa 4 kapena pamwamba. Nkhondo yotere imatha madzi a tiyi asanawire.

Tsopano wamatsenga amene anaika 10 pa thupi. Moyo 6. Changu +2, ndiye chitetezo 12. Goblin afunika 8 yokha, manambala 13 mwa 20, ndipo dayisi yopwetekera ikagwa pa 4, 5 kapena 6, wamatsenga wagona pansi ndi kutema kumodzi. Akafulumira iye, mivi yake itatu yamatsenga imene siphonya imapweteka pakati pa 6 ndi 15, ndipo kawirikawiri goblin wapita, koma mpata umodzi mwa iwiri ya tsikulo wapitanso. Mukaona zimenezi ndi maso anu mumvetsa chifukwa chake wamatsenga amaima kumbuyo, chifukwa chake thupi lisalandire nambala yotsika, ndiponso ngati mtima wanu ungapirire moyo wotere kwa miyezi iwiri. Ena zimawakoma, amati mantha akewo ndiwo masewera. Ena nkhope imagwa. Amene nkhope yagwa asinthe pomwepo, palibe chatayika.

Chachisanu ndi chiwiri, mupatseni kwawo

Kalasi yokha ndi manambala. Lembani ziganizo zitatu: anachokera kuti, anasiyiranji kwawo, akufunanji. Simukakamizidwa kutengera nyumba zamiyala ndi chipale cha ku Ulaya. Wankhondo wanu akhoza kukhala amene ankaperekeza ngolo za mbatatesi kutsika mapiri onga a ku Tsangano, mpaka tsiku limene anabwerera yekha. Kathyali akhoza kukhala wodziwa tinjira tonse ta m'malire. Mbiri ya chigawo chathu chomwechi ili ndi zambiri: likulu la mfumu Undi linali ku Mano, Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi cha ku Zumbo mu Novembala 1835 tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa, ndipo Angoni a Maseko anadzakhala m'tsinde mwa phiri la Domwe. Mlenje amene akutsogolera anthu ake kuwoloka mtsinje waukulu dzuwa litada masana, mestre aliyense angamange nkhani ya chaka chathunthu pamenepo. Ingosinthani mayina, dziko la m'nkhani likhale lanulanu, kuti pasakhale wonena kuti mwanyoza makolo ake.

Chotsala ndi pangano limodzi ndi mestre musanayambe: aliyense akhale womasuka kusintha kalasi mpaka levulo 3. Levulo 2 imafika pa mapointi 300, levulo 3 pa 900, ndiye ndi Loweruka zingapo chabe. Pa levulo 3 ndi pamene wankhondo ndi kathyali amasankha nthambi ya kalasi yawo, ndipo kuchokera pamenepo kusintha kumasokoneza nkhani ya anthu onse. Za kusakaniza makalasi awiri mwa mtengambali mmodzi, malamulo amalola ngati muli ndi 13 pa zimene makalasi onsewo amadalira, koma kumachedwetsa kutema kwachiwiri kwa wankhondo ndi moto wa wamatsenga, zonse zimene zimadikira levulo 5 ya kalasi imodzi. Mtengambali woyamba akhale wa kalasi imodzi.